Mayi Woweta Anankafumbwe

Mumsewu wawo wonse ankadziwika ndi dzina loti Mayi Nankafumbwe, ndipo ukawaitana choncho ankatembenuka. Poyamba linali dzina lachipongwe. Anthu ena amasowa tulo kufunafuna njira yophera anankafumbwe m'matumba a chimanga, koma mayi awa ankadzuka m'mamawa, kuvala diresi yawo yotuwa ndi nsapato zajombo, n'kupita kukaweta anankafumbwe. Aneba ankawafunsa ali pa mpopi kuti, "Ziweto zadzuka bwanji? Zikaswa mudzatigawireko mkaka." Iwo ankangoti, "Zadzuka, kaya zanu," n'kumapita.

Anankafumbwe awowo sanali a chimanga. Anali akuda motuwira, okulirapo pang'ono kuposa a m'thumba, ndipo chakudya chawo padziko lonse chinali chimodzi: namasupuni, chomera choyandama chija cha masamba onenepa ndi maluwa okongola, chimene chinatseka mtsinje wa m'tauni yawo.

Chomeracho sichinali chakumeneko. Akuti anabwera nacho munthu wina wokonda maluwa kuti chizikongoletsa kadziwe ka pakhomo pake. Munthu ameneyo ine sindinamukhululukire mpaka lero. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kwawo kumene chinachokera chinali ndi adani ochidya, n'chifukwa chake chinkakhala ndi mwambo. Kuno chinafika chokha, adani aja chitawasiya m'mbuyo, ndipo chinachita zimene amachita mwana wosowa womudzudzula. Chinayambira m'mbali, chinakumana pakati, mpaka mtsinje wonse unasanduka bwalo lobiriwira loti nkhuku n'kumayendapo. Pansi pake nsomba zinabanika. Udzu wa m'madzi umene unalipo kale unafa posowa dzuwa, ndipo mbalame zodya nsomba zinasamuka osatsanzika.

Mayi Nankafumbwe anali ndi chifukwa chawochawo chodera chomerachi. Chipatala chinali tsidya lina la mtsinje, mlatho unali kutali kwambiri kumtunda, ndipo amuna awo anali mwini bwato lowolotsa anthu. Tsiku lina m'mawa mng'ono wawo wa mayiwa anayamba kumva zowawa za pobereka, mwana atakhala molakwika m'mimba. Anamunyamulira m'bwato. Pakati pa mtsinje mphepo inakankha namasupuni n'kutseka kanjira kamene anthu anatema, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Amuna awo anatema ndi chikwanje mpaka manja anachita matuza n'kuphulika, koma bwato linangoima. Denga la chipatala linkaoneka bwinobwino, ngakhale zovala zoyanikidwa kuseri kwake. Mng'ono wawoyo anamwalira dzuwa litapendeka, mutu uli pamiyendo ya mkulu wake.

Amuna awo sanagwirenso nkhafi. Bwato linawolera pagombe, ndipo iwonso sanakhalitse. Sanadwale matenda oti ungawatchule dzina, anangofota.

Mayiwa anatsala ndi mwana mmodzi wamkazi, amene ankamutcha Mzime, ngakhale kuti chisamba analinso yemweyo. Pofuna pogwira, anakalembedwa ntchito yosesa ndi kukolopa pamalo ena ofufuza za zomera ndi tizilombo, amene anthu ankangowatchula kuti kukafukufuku. Wamkulu wa kumeneko anali mayi wina wowonda, wamagalasi, amene onse ankamutcha Adokotala. Anthu ankavutika kumvetsa. Ena ankabwera ndi ana achifuwa pageti, ndipo mlonda ankatopa kufotokoza kuti awa ndi dokotala wa tizilombo, sabaya jakisoni.

Tsiku lina Adokotala anapeza wosesayo ataima ndi tsache m'manja, akuyang'ana m'botolo momwe munali tsamba la namasupuni lodzaza timabala.

"Chadya tsambali n'chiyani?" anafunsa wosesayo.

"Kachilombo ako," anatero Adokotala. "Kakuchokera kwawo kwa chomerachi. Ndi mtundu wa nankafumbwe. Wamkulu amadya masamba. Amaikira mazira m'phesi, mphutsi zake zimaboola m'kati mpaka pansi, madzi amalowa, chomera chimawola n'kumira. Koma sikuti ndi lero kapena mawa. Zimatenga zaka."

"Zaka ndili nazo," anatero mayiwo. "Ndiphunzitseni."

Anasiya tsache kuyambira pamenepo. Malo awo antchito anali shedi yaitali ya makoma a waya wa sefa, ya zitseko ziwiri zotsatizana, ndipo lamulo linali loti utseke chimodzi usanatsegule chinzake. M'kati munali maiwe a simenti odzaza namasupuni, tebulo la mabotolo, timaburashi tofewa ndi galasi lokulitsa zinthu. Munkanunkha matope ndi masamba owola. M'madzimo munkayendayenda tinsomba ting'onoting'ono timene wina anaikamo kalekale. Sitinali ntchito ya munthu aliyense, ndipo mayiwa sankatiyang'ana n'komwe.

Ntchito yoyamba inali yoyesa ngati tizilomboto sitingatembenukire mbewu za anthu. Ankatitsekera m'mabotolo ndi tsamba la chimanga, la nthochi, la nyemba, la mbatata. Tinkafa ndi njala tsamba lili pakamwa. Mayiwa anayamba kutipatsa ulemu pamenepo. "Awa ali ndi khalidwe kuposa amuna ambiri," ankatero. "Sadya kwa eni."

M'mawa uliwonse ankamiza chomera chimodzichimodzi m'madzi ndi dzanja, anankafumbwe obisala m'kati n'kukwera pamwamba kuthawa kumira, iwo n'kuwatola ndi kaburashi kuwasamutsira ku dziwe lina. Mankhwala aliwonse ophera tizilombo anali oletsedwa, ngakhale fungo lake pa malaya. Ndipo panali chinthu china chowawa chimene sankauza munthu: kuti anankafumbwe achuluke, namasupuni amayenera kukhala wonenepa. Choncho mayi amene mng'ono wake anafera m'chomerachi ndiye ankachithira feteleza, kuchichotsera masamba ouma, kuchitchinga dzuwa likanyanya. Nthawi zina ankachilankhula ndi mano okukuta kuti, "Nenepa, mwana wa njoka. Ndikukunenepetsera okudya."

Mzime anakula, anakwatiwa, banja linamukanika, anabwerera kwa mayi ake ali ndi kamwana kakakazi kumsana. Kanabadwa kochepa kwambiri moti anakatcha Timba. Koma pakamwa sikanali kochepa. Kanayamba kulankhula kasanayende bwino, kankatsanzira tambala, ogulitsa makala ndi kutsokomola kwa eni nyumba. Agogo ake akamabwera madzulo kankawazindikira ndi kulira kwa jombo akadali pangodya ya msewu. Nyumba yawo inali ya lendi, ya zipinda ziwiri, ndi kabwalo kampanda wa njerwa kuseri kwake.

Chaka chimene boma linavomereza kuti tizilomboto tikatayidwe mumtsinje, kunazizira modabwitsa. Anankafumbwe ambiri anafa. Otsalawo anali ochepa, ndipo ndi okhawo amene analipo m'dziko lonse. Kuitanitsa ena kunja kukanatanthauza kuyambiranso zonse, zilolezo ndi kuyesa komwe, mwina kwa zaka zoti Adokotala akanapuma ntchito zisanathe. Kutangoyamba kufunda ndipo tizilombo tikuyamba kuswana, zinapezeka kuti chiswe chadya mitengo yonse ya denga la shedi ndi la maofesi. Panalibe kuchitira mwina koma kusasula madenga ndi kupopera mankhwala malo onse.

Adokotala anasonkhanitsa antchito. "Tizilomboti tichoke pano kwa masiku ochepa chabe. Ndani ali ndi bwalo lampanda?"

Mayi Nankafumbwe sanadikire kuti wina ayankhe.

Galimoto ya kuntchito inabweretsa migolo yodula pakati, inandandalikidwa kuseri kwa nyumba mpaka chingwe choyanikira zovala chinasowa malo. Anathiramo madzi, anasamutsa namasupuni ndi mizu yake mosamala, chifukwa m'mizu ya pansi pa madzimo ndi momwe mphutsi zimagona zisanasanduke anankafumbwe. Pamwamba anaphimba ndi maneti akale. Anayang'ana chomera chilichonse, tsamba ndi tsamba, kuti pasatsale kachilombo n'kamodzi komwe. Kenako maiwe a kuntchito anaphwetsedwa, ndipo Adokotala ananyamuka ulendo wakunja kumsonkhano umene unakonzedwa kale.

Masiku ochepa a akalipentala timawadziwa tonse. Atasasula denga anapeza kuti mafelemu a mawindo nawonso ndi ufa wokhawokha. Mvula inayamba. Maneti akale aja anang'ambika apa ndi apo, ndipo madzi a m'migolo anayamba kunyevuka ndi timphutsi tina tosakhala ta nankafumbwe.

Mzime ndiye anayamba kuona. Madzulo ena, akusambitsa Timba pakhonde, anawerama pa mgolo n'kuitana mayi ake.

"Amayi, bwerani muone. Izi ndi mphutsi za udzudzu."

"Ndaziona. Ndikumazisefa m'mawa uliwonse."

"Mukusefa chiyani, m'mizu monsemu zadzaza? Tayani madziwa."

"Ndikataya madzi ndapha mbewu yonse. Ana a anankafumbwe ali pansipo."

"Thiranimoni mafuta pang'ono basi, ngati mmene amachitira anthu."

"Mafuta apha zonse, mwanawe. Pirira pang'ono. Denga latsala pang'ono kutha."

Mzime anapukuta mwana, osayang'ana mayi ake. "Taonani miyendo ya mwanayu. Ngati wagona pa lunguzi."

"Azilowa m'neti dzuwa likamalowa."

"Timba mukumudziwa inu. Ndi wokhala m'neti kukuwala?"

Eni nyumba anabwera kudzadandaula, aneba anaponya mawu pamwamba pa mpanda. Mayiwa ankapepesa, kusoka maneti, kusefa madzi ndi kansalu, n'kupita kukayang'ana akalipentala ngati kuwayang'anako kukanakhoma misomali. Sikuti sankamukonda mdzukulu wawo. Ankamukonda koposa. Koma akaima pakati pa migoloyo ankaona bwato litaima pakati pa mtsinje, ndipo mumtima ankati mlungu umodzi wokha, Mulungu wanga, mlungu umodzi.

Ndiye kunabwera a zaumoyo opopera mankhwala a udzudzu nyumba ndi nyumba, atavala zophimba kumaso, mapampu ali kumsana. Msewu wonse unatulutsa katundu panja. Mzime anali atayamba kale kutulutsa matiresi pamene mayi ake anaima pakhomo.

"Pano musapopere, bambo."

Mkulu wa opoperawo anatsitsa chophimba kumaso. "Mayi, ndi zaulere. Ndipo ndamva kuti kuseri kwanuku ndiye kuli likulu la udzudzu."

"Ndikudziwa. Koma mankhwala anuwo mphepo ikangowatengera kuseri, ntchito ya zaka yathera pomwepo. Mudzabwere ulendo wina."

"Ulendo wina ndi chaka chamawa. Muli mwana m'nyumbamu?"

"Alimo," anayankha Mzime. "Alimo, bambo. Amayi, ndagwira mwendo wanu."

Mayiwo sanasunthe pakhomo. Bamboyo anapukusa mutu, anabweza chophimba chake n'kupita khomo lotsatira. Mzime analowetsa matiresi yekha, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Tsoka silinunkha, amatero akulu, koma ili linanunkha ndithu. Pasanapite nthawi Timba anadzuka thupi likutentha. Anamumwetsa mapiritsi a pagolosale, kutentha kunatsika, kunabweranso. Tsiku lotsatira masana anayamba kugwedezeka, maso atatembenuka. Anathamanga naye pa minibasi kudzera njira yaitali ya kumlatho, Mzime akulira mokweza, agogo atagwira timapazi totentha. Kuchipatala anati ndi malungo aakulu, afika m'mutu.

Mwana anagona masiku ambiri osazindikira munthu. Ndipo apa ndi pamene Mzime anasunga mawu mumtima, chifukwa m'mawa uliwonse mayi ake ankachoka pambali pa bedi, kukwera minibasi kubwerera kunyumba kukasamalira migolo, n'kubwerako masana manja akununkha madzi omwewo.

Timba sanafe. Anatsegula maso, anamwa phala, anayamba kukhala tsonga. Onse anathokoza Mulungu. Koma m'mawa wina namwino anagwetsa mbale yachitsulo pasimenti. Ana onse m'chipindamo anadzidzimuka, ena analira. Timba anapitiriza kusewera ndi ngodya ya bulangete. Mzime anazungulira kumbuyo kwake n'kumuitana, poyamba chapansipansi, kenako mofuula mpaka odwala ena anatembenuka. Mwanayo sanatembenuke.

Adokotala a kukafukufuku aja atabwera kuchokera kuulendo anafikira kunyumbako. Anayenda pakati pa migolo, anaona anankafumbwe atachulukana kuposa mmene anayembekezera, koma nkhope yawo sinasangalale, chifukwa za mwana anali atazimva. Anawerama, anavundula madzi ndi chala, anayang'anitsitsa.

"Nanga tinsomba tija?"

"Titi?"

"Ta m'maiwe tija. Ndi timene tinkadya mphutsi za udzudzu. N'chifukwa chake ku shedi kunalibe udzudzu zaka zonsezi."

Mayi Nankafumbwe anakhala pansi pa njerwa. Anakumbukira tsiku losamuka lija, mmene anayang'anira tsamba lililonse, ndi mmene tinsomba tinkaphiriphithira pasimenti maiwe akuphwa, iwo n'kutilumpha ndi jombo atanyamula chidebe. Kakopu kamodzi kokha ka tinsombato kakanakwanira.

"Ndinayenera kukumbukira ndine," anatero Adokotala, atavula magalasi. "Ndine ndinakutumani. Ndipo mayi, palibe munthu angaloze udzudzu umene unaluma mwanayu. Kuseri kwa mpandawu kuli ngalande, msewu wonse uli ndi zithaphwi."

Zinali zoona, ndipo mayiwa ankadziwa kuti ndi zoona. Koma sizinawachotsere kalikonse pachifuwa.

Anankafumbwe anakatayidwa mumtsinje mwezi wotsatira. Mayiwa ndiwo ananyamula zidebe, analowa m'matope mpaka m'mawondo, n'kuika zomera zokhala ndi tizilombo pakati pa zinzake. Chaka choyamba sipanaoneke kanthu, ndipo anthu anaseka. Chaka chachiwiri masamba anayamba kuoneka ngati agwidwa nthomba. Kenako maluwa anachepa, mapesi anafupika, zigamba zofiira zinayamba kuoneka pabwalo lobiriwira lija, ndipo tsiku lina pakati penipeni panang'anima madzi. Namasupuni sanathe yense, ndipo Adokotala ankanena kuti sadzatha, koma anabwerera m'mbali n'kukhala ngati chomera china chilichonse. Nsomba zinayamba kugwidwa. Mbalame zoyera zamiyendo italiitali zinabwerera. Dzina la Mayi Nankafumbwe linasintha kakomedwe pakamwa pa anthu, ndipo amene ankafunsa za mkaka aja anayamba kunena kuti iwo ankadziwa kale kuti zidzatheka.

Kunyumba kunalibe chosintha. Mzime sanachoke, analibe kopita, koma ankalankhula ndi mayi ake zofunika zokha: sopo watha, eni nyumba anabwera, madzi aphwa pa mpopi. Timba anakula wathanzi, wamaso akuthwa. Mawu amene anali nawo aja anayamba kugwa limodzilimodzi mpaka anatsala ndi maphokoso chabe, ndipo iye ndi mayi ake anapanga chilankhulo chawo cha manja. Chimene chinkawapweteka kwambiri agogo n'chakuti mwanayo ankawakonda kuposa wina aliyense. Ankawathamangira, kuwavula jombo, kugona pamiyendo pawo. Akanakhala kuti akuwada zikanapepukako.

Bwato la injini litayamba kuwolotsa anthu, linafika tsiku loti Timba akaonedwe makutu kuchipatala. Mzime anati apite pamadzi, njira ya kumlatho imatopetsa mwana. Mayi ake anati awaperekeze, ndipo iye sanakane.

Anakhala pathabwa limodzi, Timba pamiyendo pa agogo ake, chikwama pansi. Woyendetsa anakoka chingwe, injini inabangula, amayi ena anadzidzimuka n'kuseka. Timba sanatembenuke. Koma kunjenjemera kwa bwato kunamufika m'thupi, anagwira m'mbali mwake ndi manja onse awiri, anayang'ana agogo ake n'kuseka kwambiri, kuseka kwake kosadzimva kuja.

Bwato linalowa pakati pa mtsinje, madzi akugawanika mosavuta. Mzime anayang'ana mwana wake nthawi yaitali. Kenako analankhula, osakweza mawu, moti mayi ake anachita kupendeketsa mutu kuti amve.

"Amayi, ndikufunseni chinthu chimodzi. Mukanadziwa kuti zidzatere, mukanawataya madzi aja?"

Mayiwo anatsegula pakamwa. Yankho linali lapafupi, la mawu amodzi, ndipo ankadziwa kuti akangolinena mwana wawo abwerera kwa iwo. Anayang'ana khutu la Timba, laling'ono, dzuwa likuwala kudutsa m'menemo. Anayang'ana madzi. M'bwatomo munali nkhalamba yomanga bandeji kuphazi ndi bambo wonyamula mwana wotsokomola, ndipo gombe la kuchipatala linali litayandikira kale.

"Ndimadzifunsa m'mawa uliwonse, mwana wanga," anatero. "Tsiku lina ndimawataya. Tsiku lina sindiwataya."

Injini inazima, bwato linakhudza mchenga, anthu anayamba kutsika. Mzime anaimirira, ananyamula Timba kumuchotsa pamiyendo ya agogo ake, ngakhale kuti mwanayo anali wamkulu woti n'kutsika yekha. Misozi inali ikutsika, koma mawu ake anali owongoka.

"Ndimafuna mundinamize, amayi. Kamodzi kokha."

Anatsika n'kuyamba kukwera mtunda wopita kuchipatala. Timba, ali paphewa pa mayi ake, anatambasula dzanja kukodola agogo ake kuti afulumire. Mayi Nankafumbwe anatola chikwama, anatsika m'bwato, n'kumawatsatira m'mbuyo.